Magetsi a mabuleki sakuyaka ndipo fyuzi ikungopsa: poyambira pake ndi pati?

Bambo wina wa ku Mponela, amene amanyamula katundu wa geni pa Toyota Probox ya otomatiki pakati pa kwawoko ndi mzinda wa Lilongwe, watumiza funso lotere. Apolisi apamsewu adamuimitsa n'kumuuza kuti magetsi ake a mabuleki sakuyaka, ndipo iye adagula mababu awiri atsopano koma palibe chidasintha. Kenaka makaniko wina adapeza fyuzi yopsa n'kuikapo ina, magetsiwo adayaka masiku awiri okha n'kuzimanso. Akuti nthawi zonse magetsiwo akazima giya nayo imakana kuchoka pa P, ndipo mnzake wina wamulangiza kuti aike fyuzi yaikulu kapena akulunge kawaya pa fyuzi yopsayo kuti nkhani ithe. Akufuna kudziwa chimene chavuta ndi poyambira pake.

Bambo, ndiyambe ndi malangizo a mnzanuwo chifukwa ndi amene angakuotchereni galimoto: musawatsatire ngakhale pa ulendo umodzi wokha. Fyuzi imene yapsa kawiri pa malo amodzimodzi ikugwira ntchito imene adaipangira, ndipo ikukuuzani kuti penapake waya wonyamula moto wasupuka n'kumakhudza chitsulo cha galimoto, chimene amagetsi a galimoto amachitcha shoti. M'kalata yanu mwatchula kale zizindikiro ziwiri zokwanira kulozera kumene vuto lagona, zomwe ndi fyuzi yopsa mobwereza ndi giya yokanirira pa P, ndipo zonse ziwiri zikusonyeza kuti ndalama ya mababu ija mukadaisunga. Komabe ndifotokoza njira yonse imene moto umadutsa, chifukwa munthu woidziwa njirayi sagulanso zipangizo mongoyerekeza.

Magetsi a mabuleki ali m'gulu la zinthu zosavuta kwenikweni pa galimoto. Moto umachoka ku batire n'kufika pa fyuzi, yomwe pa magalimoto ambiri a Toyota imalembedwa kuti STOP pa chivundikiro cha kabokosi ka mafyuzi kamene kamakhala kunsi kwa dashibodi, ndipo mawuwa amalembedwa choncho ngakhale pa galimoto zochokera ku Japan. Ukachoka pa fyuzi umafika pa switchi yaing'ono imene ili pamwamba pa chopondera mabuleki, n'kudikira pamenepo. Mukaponda buleki switchiyo imaulola kudutsa, ndipo umayenda m'waya umene umatsata m'mbali mwa galimoto kunsi kwa kapeti mpaka kumbuyo, kumene umagawikana kupita ku babu lakumanja, lakumanzere ndi getsi lachitatu la pamwamba. Ukadutsa m'babu umabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, ndipo waya umene umalumikiza babu ndi chitsulocho ndiwo amautcha earth. Pa magalimoto ambiri a ku Japan fyuzi ya STOP imakhala ndi moto nthawi zonse, n'chifukwa chake magetsiwa amayaka mukaponda buleki ngakhale kiyi ali m'thumba.

Pa galimoto ya otomatiki switchi yomweyo ili ndi ntchito yachiwiri, ndipo apa mpamene giya yanu ikulowera m'nkhaniyi. Opanga adaika kachipangizo kotseka ndodo ya giya kuti isachoke pa P mpaka dalaivala ataponda buleki, ndipo kachipangizoka kamadziwa kuti buleki yapondedwa chifukwa cha moto wochokera pa switchi ija. Fyuzi ikapsa kapena switchi ikafa uthengawo sufika, ndipo ndodoyo imauma. Choncho giya yokanirira imaloza vuto la kutsogolo, pa fyuzi kapena pa switchi, pamene babu lakufa silingachititse giya kukana m'pang'ono pomwe. Pa galimoto zolizira pa batani zimachitikanso kuti injini imakana kulira chifukwa cha vuto lomweli, ndipo eni ake ambiri amathamangira kukagula batire.

Musanamasule china chilichonse, yambani mwaona. Pemphani munthu aime kumbuyo inu mukuponda buleki, ndipo mukakhala nokha bwererani ndi galimoto pafupi ndi khoma madzulo kuti muone kufiira kwake pa kalilole. Yesani kawiri, koyamba magetsi onse atazima, kachiwiri mutayatsa magetsi a paki, chifukwa pali mavuto ena amene amaonekera pokhapokha ziwirizi zikayakira pamodzi. Ngati lazima ndi getsi la mbali imodzi yokha, fyuzi ndi switchi zili bwino, ndipo vuto lili pa babu, pa soketi yake kapena pa earth ya mbali imeneyo. Ngati a m'mbali onse awiri azima koma la pamwamba likuyaka, fyuzi ndi switchi zili bwinonso, ndipo kawirikawiri mumapeza kuti mababu onse awiri adapsa, lina miyezi yapitayo popanda wokuuzani, linalo posachedwapa. Ngati onse atatu ali zii, pitani kutsogolo. Getsi lachitatuli, limene ku United States adalilamula pa galimoto zing'onozing'ono kuyambira pa za chaka cha 1986, lidasanduka mboni yothandiza kwambiri kwa wokonza galimoto, ndipo ngati Probox yanu ili nalo muzilifunsa ilo poyamba.

Pali chinthu china chimene anthu amasokoneza, ndipo ndingochitchula mwachidule. Kagetsi kofiira ka pa dashibodi kamene kali ndi chizindikiro cha mfuwu (!) m'kati mwa bwalo sikanena za magetsi akumbuyo ayi. Kameneko kamachenjeza kuti handibuleki yakokedwa kapena kuti mafuta a mabuleki achepa m'kabotolo kake, ndipo kakayaka galimoto ikuyenda nkhaniyo ndi ina, yofunika kuima msanga.

Tsopano tibwere ku fyuzi yanu, ndipo apa ndichedwapo. Babu la buleki limadya 21W, ndipo pa galimoto ya 12V limakoka moto wokwana 1.75A. Awiri pamodzi ndi 3.5A, ndipo mukaphatikizapo getsi la pamwamba zonse zimafika pafupifupi 5A. Fyuzi ya STOP kawirikawiri imakhala ya 10A kapena 15A, ngakhale pa galimoto zina zatsopano imakhala ya 7.5A, ndipo nambala yoyenera galimoto yanu idalembedwa pa chivundikiro chija. Mukuona kuti fyuzi ya 10A ili ndi mpata wokwanira kuwirikiza kawiri moto umene mababuwo amafuna, kotero singapse chifukwa cha ntchito yake ya masiku onse. Ikapsa ndiye kuti moto wapeza njira yachidule yopita ku chitsulo osadutsa m'babu, ndipo pa njira yoteroyo palibe choubweza, umangokhamukira wochuluka kwambiri. Waya wa magetsi a mabuleki ndi wochepa thupi, ndipo adausankha molingana ndi fyuzi yaing'onoyo. Mukaikapo ya 30A kapena kawaya kokulunga, chimene chidzayambe kutentha ndi waya weniweniyo, umene wadutsa kunsi kwa kapeti m'mtolo umodzi ndi mawaya ena ambiri, ndipo pulasitiki yake ikasungunuka imagwirana ndi ya anzake. Ndidaonapo mtolo wotere utasanduka chinthu chimodzi cholimba kuyambira pa phazi la dalaivala mpaka ku tayala lakumbuyo, ndipo mwini wake adalipira mawaya a galimoto yonse chifukwa chofuna kupulumutsa ndalama ya fyuzi.

Mafyuzi amasiyanitsidwa ndi mitundu, ndipo ndi bwino kuidziwa chifukwa manambala ake amafufutika. Ya 7.5A ndi yofiirira ngati dothi, ya 10A ndi yofiira, ya 15A ndi yabuluu, ya 20A ndi yachikasu, ya 30A ndi yobiriwira. Onani imene makaniko uja adaika ngati ikufanana ndi nambala ya pa chivundikiro, chifukwa ngati adaika yochepera nambalayo vuto lanu likhoza kukhala lomwelo basi. Onaninso mapsedwe a fyuzi yakaleyo. Kachitsulo ka m'kati kakaduka n'kusiya mwaye wakuda pa pulasitiki, imeneyo ndi shoti yeniyeni, koma ngati pulasitiki yasungunuka cha kumiyendo kachitsulo kali kosaduka, ndiye kuti fyuziyo imakhala yokhwepa m'malo mwake n'kumatentha, ndipo mankhwala ake ndi kutsuka ndi kufinya timano timene timaigwira.

Funso lotsatira ndi lakuti fyuziyo imapsa nthawi yanji. Ikapsa pomwe mwangoiika musanaponde buleki, shoti ili pakati pa fyuzi ndi switchi kapena m'switchi mwenimwenimo, ndipo dera limenelo ndi lalifupi. Ikapsa mukangoponda, shoti ili kuseri kwa switchi, pa njira yopita kumbuyo. Yanu idatha masiku awiri, zomwe zikutanthauza kuti waya wosupukawo sukhudza chitsulo nthawi zonse, umakhudza galimoto ikagwedezeka, katundu akaupsinja kapena chitseko chikatsegulidwa. Shoti yamtundu umenewu ndi imene imatopetsa amakaniko, ndipo akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira yoifunafuna popanda kutha paketi ya mafyuzi ndi iyi. Chotsani mababu onse a mabuleki m'masoketi mwake, kuphatikizapo la pamwamba, kapena zulani pulagi yake ngati lili la LED. Tengani babu la 21W lomwe mwalilumikiza ku timawaya tiwiri, ndipo timawayato mutilowetse m'malo mwa fyuzi ya STOP, kamodzi mbali iyi kena mbali inayo. Kanikizani chopondera mabuleki ndi kamtengo kotsamira ku mpando kuti chikhale chopondedwa. Popeza mababu onse achotsedwa, moto ulibe kolowera, choncho babu lanu loyeseralo liyenera kukhala lozima, ndipo likawala kwambiri ndiye kuti shoti ija ikuchitika nthawi yomweyo. Babulo limachepetsa moto wodutsa kotero palibe chingapse, ndipo mukhoza kufufuza kwa ola lathunthu mosaopa. Munthu mmodzi aziyang'ana babulo pamene winayo akutsegula ndi kutseka chitseko chakumbuyo, akugwedeza mtolo wa mawaya malo ndi malo, akuponda pa kapeti m'mphepete mwa zitseko, ndiponso akugwedeza masoketi. Pamene dzanja lagwira babu n'kuphethira, vuto lili pomwepo.

Pa galimoto ngati yanu ndingayambire pa chitseko chakumbuyo. Mawaya opita ku getsi la pamwamba amadutsa m'kampira kopindikapindika kamene kali pakati pa denga ndi chitseko, pafupi ndi mahinjesi, ndipo amapindika nthawi iliyonse chitsekocho chikatsegulidwa. Galimoto ya geni imatsegulidwa kambirimbiri pa tsiku, ndipo yambiri idagwira kale ntchito yomweyo kwa zaka ku Japan isanakwere sitima yopita ku Dar es Salaam n'kudzalowera pa Songwe. Pulasitiki ya mawayawo imauma n'kung'ambika, mkuwa n'kuonekera. Kokani kampirako pang'onopang'ono muunike ndi tochi, ndipo musadabwe mukapeza mawaya awiri kapena atatu atang'ambika pa malo amodzi. Malo achiwiri ndi kuseri kwa mapulasitiki a m'mbali mwa malo oika katundu, kumene matumba olemera ndi makreti zimakankha mpaka waya kukhuzika pa mphepete yakuthwa ya chitsulo. Ndipo popeza mumanyamula katundu wa ku Mponela, ndikuganiza kuti chimanga, soya ndi mtedza sizisowa m'galimotomo. Njere zotayikira kunsi kwa kapeti zimaitana makoswe, ndipo makoswe akamanga chisa kuseri kwa getsi lakumbuyo amatafuna mawaya.

Malo achitatu ndi paliponse pamene dzanja la munthu lidagwirapo kale. Ngati galimotoyo idagundidwapo kumbuyo n'kukawongoledwa, fufuzani waya wopanikizidwa ndi sikuluwu kapena wopsa ndi moto wowotcherera. Ngati wina adaikamo timagetsi tokongoletsa, alamu, kachipangizo kolondolera galimoto, kamera yobwerera m'mbuyo kapena pulagi ya ngolo yokoka, yambani mwachotsa zimenezo pa waya wa mabuleki, chifukwa oika zinthuzi ambiri amasenda waya, kupota wina pamwamba pake n'kukulunga tepi imene imamatuka ikamva kutentha kwa mwezi wa Okutobala.

Mababu atsopano aja nawo musawakhulupirire msanga. Magalimoto ambiri amagwiritsa ntchito babu limodzi pa ntchito ziwiri, ndipo m'kati mwake muli timawaya tiwiri, ka 5W ka magetsi a paki ndi ka 21W ka buleki, n'chifukwa chake pa babupo pamalembedwa 21/5W. Ka buleki kakhoza kuduka ka paki kali kabwinobwino, ndiye dalaivala amaona kumbuyo kukufiira usiku n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Mababuwa alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi tsinde lachitsulo ndi timinga tiwiri m'mbali, kamodzi kokwera kena kotsika, kuti alowe njira imodzi yokha, ndipo nambala yake ndi P21/5W kapena 1157. Ena ali ndi tsinde lagalasi lophwatalala longokankhira, ndipo nambala yake ndi W21/5W, 7443 kapena T20, ndiwo ofala pa galimoto za ku Japan za zaka zapitazi. Munthu akakakamiza babu la kawaya kamodzi m'soketi ya timawaya tiwiri, tsinde lake limalumikiza njira ya paki ndi ya buleki, ndipo mumaona zodabwitsa monga dashibodi kuwala mukaponda buleki, kapena magetsi a mabuleki kuyaka mukangoyatsa a paki. Babu lachitsulo likalowetsedwa mozondoka mwamphamvu, paki imawala kwambiri buleki n'kumawala mofooka. Palinso mababu a LED olowa m'malo mwa T20 amene miyendo yake idayalidwa mosiyana ndi masoketi a Toyota zina, ndipo oterowo amaotcha fyuzi pongoponda kamodzi. Pokagula tengani babu lakale m'manja, ndipo muwerenge ngati lalembedwa 12V, chifukwa la 24V la malole limalowa bwinobwino m'soketi yomweyo koma limangonyezimira ngati khala.

Mutachotsa mababu, unikani m'masoketimo. Nyengo ya mvula madzi amalowa pa galasi long'aluka kapena pa mpira wakutha wa kuseri kwa getsi, ndipo amasakanikirana ndi fumbi la m'misewu yathu n'kupanga dzimbiri lobiriwira pa timikuwa. Dzimbiri lochepa limachotsedwa ndi kasandipepa kosalala, koma soketi imene pulasitiki yake yada ndi kupindika chifukwa cha kutentha ndi yofunika kusintha, popeza timikuwa take tikasuntha timatha kugundana n'kukhala shoti imene mukuifunayo.

Ngakhale zizindikiro zanu zikuloza ku shoti, switchi muiyesebe, chifukwa ndiyo imene imavuta kwambiri pa galimoto zimene magetsi onse atatu azima fyuzi ili yamoyo. Gonani chagada pansi pa chiwongolero ndi tochi, mutsate ndodo ya chopondera mabuleki chokwera mpaka mutaona kachinthu kokhala ndi pulagi ndi kamutu kotuluka kamene kakugunda ndodoyo. Kagwiridwe kake ntchito ndi kosemphana ndi mmene ambiri amaganizira. Buleki ikakhala yosapondedwa ndodo imakankhira kamutuko m'kati ndipo moto umaduka, mukaponda ndodo imachoka, kamutu kamatuluka, moto n'kudutsa. Tengani tesita, kaja kooneka ngati sikuludiraiva kokhala ndi babu m'chigwiriro ndi waya wopanira ku chitsulo, ndipo mugunde mawaya a pa pulagiyo. Umodzi uyenera kukhala ndi moto nthawi zonse, ndipo wina uyenera kulandira moto pokhapokha mwaponda. Woyambawo ukakhala wopanda moto, bwererani ku fyuzi. Ukakhala nawo koma wachiwiri osalandira, switchi yafa kapena yasuntha pa malo ake. Pa switchi ya mawaya awiri mukhoza kuzula pulagi n'kulumikiza timano take tiwiri ndi kawaya kwa kamphindi, ndipo magetsi akayaka mlandu watha. Pa ya mawaya anayi musalumikize mongoganizira, chifukwa awiri enawo amapita ku kompyuta ya galimoto.

Switchi zambiri zimasinthika kutalika kwake, zina pomasula kanati, zina pozipotoza pang'ono n'kuzikankha, ndipo yoikidwa bwino imayatsa magetsi chopondera chikangotsika pang'ono, mabuleki asanayambe kugwira. Pa ndodo paja, pamene kamutu kamagunda, pamakhala kampira kapena kapulasitiki kozungulira, kaching'ono ngati batani la malaya. Kakakalamba kamaphwanyika n'kugwera pa kapeti, pamalopo n'kutsala bowo, ndipo kamutu ka switchi kamalowa m'bowomo osakankhidwa. Zikatero magetsi a mabuleki amayaka osazima usiku wonse, m'mawa batire lili lakufa, ndipo kutentha kwa maola ambiriwo ndi kumene kumasungunula masoketi. Mukaona tizidutswa tapulasitiki pansi pa zopondera, musatisese musanayang'ane m'mwamba. Kandalama kachitsulo komatidwa pa bowolo kakhoza kukufikitsani ku shopu, koma kampira kenikeniko n'kotsika mtengo ndipo ndi koyenera kukhalapo.

Vuto la earth lili ndi zizindikiro zakezake, ndipo munthu akaziona kamodzi saziiwala. Waya wa earth ukachita dzimbiri pa bawuti imene waumangira ku chitsulo, moto wa buleki umasowa njira yobwerera ndipo umafunafuna ina kudzera m'mababu oyandikana nawo. Mumaona getsi la buleki likuyaka mofooka masana, koma mukayatsa a paki n'kuponda buleki mbali imeneyo imazimiratu, kapena mukayatsa indiketa magetsi onse a mbaliyo amaphethira pamodzi mosinthana. Poyesa, tengani waya wautali, mbali imodzi muipanire pa chitsulo choyera kapena ku mutu wa batire wa chizindikiro chochotsera, inayo muigunditse pa earth ya soketi buleki itapondedwa. Getsi likawala mwamphamvu, masulani bawutiyo, palani utoto ndi dzimbiri mpaka chitsulo chinyezimire, mangani molimba n'kupakapo girizi pang'ono pamwamba. Dziwani kuti earth yoipa siotcha fyuzi, choncho pa vuto lanu ili ndi yongoyang'ana podutsa.

Ngati mababu amangopsa pafupipafupi, yesani batire ndi mita. Lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6V injini itazima, ndipo injini ikulira liyenera kukhala pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Zikapitirira 15V ndiye kuti alitaneta ikutchaja mopyola muyeso, ndipo imadya mababu a galimoto yonse pamodzi ndi batire lomwe.

Zimene ndafotokozazi zikugwira pa galimoto zambiri za m'misewu ya kuno, koma pali zina zosiyana. Toyota zakale monga Cressida, Mark II ndi Camry zinali ndi kabokosi ku buti kozindikira babu lakufa, ndipo moto wa mabuleki umadutsa m'menemo, choncho kakapsa m'kati magetsi a m'mbali amazima china chilichonse chili bwino. Galimoto zatsopano, makamaka za ku Ulaya ndi za hybrid, switchi yake imangotumiza uthenga ku kompyuta kapena ku relay, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya moto, ndipo zimenezi ndizo zimayatsa magetsi. Pa zoterezi tesita ya babu ikhoza kuwononga kompyuta, kotero pamafunika mita ndi makina owerengera zolakwika, ndipo switchi ikavuta magetsi ochenjeza olembedwa ABS kapena VSC amayakanso pa dashibodi. Magetsi a LED ochokera kufakitale alibe babu losintha, amasinthidwa athunthu kapena kukonzedwa ndi wodziwa zowotcherera timawaya ta m'kati. Malole ndi mabasi a mabuleki a mpweya kawirikawiri amagwiritsa ntchito 24V ndipo switchi yake imamva mphamvu ya mpweya, pamene galimoto zakale monga Volkswagen Beetle ndi Land Rover zina zinali ndi switchi yomva mphamvu ya mafuta a mabuleki.

Mukapeza waya wosupukawo, musalole kuti angoupota ndi kuukulunga pepala lapulasitiki kapena tepi yokha. Gawo lowonongekalo lidulidwe, paikidwe waya watsopano wa kukula kofanana, polumikiza pawotcheredwe ndi mtovu n'kuvekedwa kachubu kamene kamafinyika kakamva moto. Pa chitseko chakumbuyo mfundo zolumikizirazo zisakhale m'kati mwa kampira kopindika kaja, chifukwa powotcherera pamauma ndipo padzathyokanso. Waya watsopanoyo adutse m'kampiramo wathunthu, mfundo imodzi ikhale m'denga ina m'chitseko. Ngati ntchitoyi mukuipereka kwa wamagetsi a galimoto, muuzeni zonse zimene mwandiuza ine, makamaka za masiku awiri aja ndi za giya, ndipo mupemphe kuti akuonetseni ndi maso malo amene waya adasupuka. Amene wangosintha fyuzi n'kunena kuti zatheka sanagwire ntchito imene mwamulipirira.

Pafupi ndi ndodo ya giya pali kabatani kapena kabowo kovundikira kolembedwa SHIFT LOCK, ndipo mukakadina giya imachoka pa P ngakhale fyuzi itapsa. Madalaivala ambiri akakadziwa amakasandutsa chizolowezi, n'kumayenda miyezi osakumbukira kuti kumbuyo kuli mdima. Kabataniko adakaikira kusuntha galimoto yowonongeka, ndipo inu mukagwiritse ntchito popita ku galaji yapafupi basi, masana, pang'onopang'ono, mutatsitsa galasi kuti pochepetsa liwiro muzitulutsa dzanja lamanja, chikhatho chitayang'ana pansi, n'kumalikweza ndi kulitsitsa. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo lole kapena basi yokutsatirani pa msewu wa M1 ikachedwa sekondi imodzi yokha kuzindikira kuti mwaima chifukwa cha njinga ya kabaza kapena mbuzi, mtunda umenewo ndi umene ukadakulekanitsani. Magetsiwa alinso m'gulu la zinthu zimene zimayang'anidwa galimoto ikamakayezedwa kuti ilandire COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, pansi pa Directorate of Road Traffic and Safety Services, choncho simungawazembe kwa nthawi yaitali.

Ntchito ikatha musachoke pa galajipo musanayese motere. Bwezerani fyuzi ya nambala yolembedwa pa chivundikiro, wina aponde buleki osachotsa phazi, inu mutsegule ndi kutseka chitseko chakumbuyo kakhumi, mugwedeze galimotoyo, kenaka muyatse magetsi a paki ndi maindiketa onse awiri n'kuona ngati atatu aja akuwala mofanana osaphethira. Mukakweza matumba a ulendo woyamba, pondaninso buleki wina akuyang'ana kumbuyo musananyamuke, chifukwa shoti ya pansi pa kapeti imadzionetsa galimoto italemedwa.